Anayimba asanu, pachikuto analembapo atatu

Kaseti ya Perfect Strangers ndinayimvera koyamba pakhonde la amalume anga, amene anagwirako ntchito ku Kitwe, ku Zambia, n'kubwerako ndi chikwama chodzaza makaseti. Wailesi yawo inkadya mabatire asanu ndi limodzi. Akafooka tinkawayanika padzuwa, ndipo pobweza tepi m'mbuyo sitinkadina batani, tinkalowetsa bolopeni pabowo la kaseti n'kumazunguza ndi dzanja kuti moto usathe msanga. Tsiku limenelo anatembenuza kaseti ija, n'kundigwira phewa. "Mphwanga, tangokhala chete, umve mmene limba likulowera." Ndinamvadi. Linayamba lokha, pansipansi, likung'ung'udza ngati chigayo chimene angochiyatsa kumene m'mawa, kenaka linakula mpaka sipika ya wailesi ija inayamba kunjenjemera, ndiyeno ng'oma ndi magitala zinagwera pamodzi nthawi imodzi. Amalume anatsinzina, mutu ukuyenda pang'onopang'ono.

Amene ankaliza limba limenelo ndi Jon Lord wa Deep Purple, gulu la ku Britain loyimba nyimbo za rock. Patapita zaka, nditayamba kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pachikuto, ndinapeza chinthu chimene chimandiwawabe mpaka lero. Pansi pa nyimbo imeneyi, imenenso dzina lake ndi Perfect Strangers, analembapo kuti opeka ake ndi atatu, Ritchie Blackmore, Ian Gillan ndi Roger Glover. Dzina la Lord palibe. La Ian Paice, woyimba ng'oma, palibenso. Mwa nyimbo 8 za m'chimbalechi, imodzi yokha, Nobody's Home, ndiyo ili ndi mayina a onse asanu.

Chimbalechi ndimachikonda, ndipo ndakhala ndikuchiikira kumbuyo kwa anzanga amene amati magulu akale akabwererana amangofuna kutidyera ndalama. Komabe ndimati chikuto chake sichinanene zoona, ndipo amene anachiwerenga bwino mu 1984 akanatha kudziwiratu kumene gululi linkalowera.

Anthu asanuwa anayamba kuyimbira limodzi mu 1969, ndipo pakati pa 1970 ndi 1973 anatulutsa zimbale zinayi za mu situdiyo, In Rock, Fireball, Machine Head ndi Who Do We Think We Are, kuwonjezapo Made in Japan imene anajambula pamaso pa anthu mu Ogasiti 1972. Analibe nthawi yopuma. Akatsika ndege ankakwera nsanja, akatsika nsanja ankalowa mu situdiyo. Pofika 1972 Gillan, woyimba mawu, ndi Blackmore, wa gitala, anali atasiya kulankhulana bwino. Gillan analemba kalata yosiya ntchito, ndipo anayimba komaliza ku Osaka mu Juni 1973. Glover, wa besi gitala, naye anachoka nthawi yomweyo, atadziwa kuti Blackmore sakumufunanso. Gululi linapitiriza ndi David Coverdale ndi Glenn Hughes, Blackmore anachoka mu 1975 kukayambitsa gulu lake la Rainbow, m'malo mwake munalowa Tommy Bolin, ndipo mu 1976 zonse zinatha. Bolin anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 25.

Kenaka aliyense anagwira njira yake. Lord ndi Paice anakayimba ku gulu la Whitesnake, Paice n'kupitirira kwa Gary Moore. Gillan anali ndi gulu lake, ndipo mu 1983 anayimbako ndi Black Sabbath pa chimbale cha Born Again. Mu Epulo 1984 ndi pamene kunamveka kuti asanu aja abwererana, patatha zaka 11 asanajambule nyimbo limodzi. Lord anali ndi zaka 42, Paice 35.

Kodi anabwerera ndalama? Inde, ndalama zinalipo, ndipo zinali zambiri. Dzina lokhalo la Deep Purple linali chuma. Mu 1980 Rod Evans, amene anali woyimba mawu woyamba wa gululi, anatengana ndi oyimba osadziwika n'kumayendayenda ku Mexico ndi ku America akudzitcha Deep Purple, ndipo anthu ankagula matikiti. Nkhaniyo inathera kukhoti, Evans analuza, ndipo analamulidwa kulipira madola oposa 600,000. Ngati dzina lobwereka linkadzaza maholo, eni ake enieni sakanalephera kuwerengera kuti iwo angapeze zingati. Koma ine funso la ndalamali silindisuntha. Kalipentala akakhoma mpando wolimba, sitimufunsa ngati anaukhoma chifukwa chokonda matabwa kapena chifukwa cha fizi ya ana. Timaukhalira, n'kuona ngati ukugwedera.

Munthu wofuna ndalama zokha anali ndi njira yachidule. Akanangolengeza ulendo wa zoyimbayimba, n'kumabwereza Smoke on the Water ndi Highway Star usiku uliwonse kwa anthu osowa unyamata wawo, ndipo palibe akanadandaula. Magulu ambiri amachita zimenezi. Asanuwa anayamba ndi chovuta. Anakadzitsekera kutali, kukapeka nyimbo zatsopano, asanakwere nsanja iliyonse. Chimbale chinatuluka chakumapeto kwa 1984, ndipo ulendo unayambira ku Perth, ku Australia, mu Novembala. Apa ndi pamene ndimawapatsira ulemu.

Malo amene anasankha ndi Stowe, katauni kakang'ono ka m'mapiri a ku Vermont, ku America, kumene anthu amapitako nyengo yachisanu kukaseretseka pachipale, ndipo nyengo yotentha kumakhala zii. Sanalowe mu situdiyo ya mumzinda yolipira pa ola. Anatenga nyumba, n'kuitanitsa Le Mobile, thiraki yokhala ndi makina onse ojambulira nyimbo, n'kuiimika panja, mawaya n'kulowa m'nyumba. Njira imeneyi sinali yachilendo kwa iwo. Mu Disembala 1971 anapita ku Montreux, ku Switzerland, kuti akajambulire Machine Head mu kasino ya kumeneko, koma kasinoyo inapsa woyimba wina, Frank Zappa, ali pansanja. Anathera mu khonde la m'kati la Grand Hotel, imene inali yotseka nyengo imeneyo, atatchinga ndi matiresi, thiraki ya Rolling Stones ili panja. Kuti akamvere zimene ajambula ankayenera kudutsa m'zipinda ndi pamakhonde a panja m'chisanu, mpaka anangosiya zokamverazo n'kumakhulupirira makutu awo pomwepo. Chimbale chawo chotchuka kwambiri chinabadwa motero. Madzi saiwala khwawa: atafuna kudziwa ngati akadali gulu, anabwerera ku nyumba wamba, thiraki ndi mawaya.

Kanema wa nyimbo ya Perfect Strangers amaonetsa masiku amenewo. Mulibe zovala zonyezimira kapena atsikana ovina, zimene zinadzaza MTV, wailesi yakanema ya nyimbo, nthawi imeneyo. Muli abambo asanu akuyimba m'chipinda, akuseka, akumenya mpira pabwalo. Sindikunena kuti mpirawo unachiritsa mabala a 1973. Koma nyimbo za mtundu umenewu sizipekedwa munthu ali yekha ndi pepala. Wina amayamba kachidutswa pagitala, wang'oma n'kukagwira, wabesi n'kukakhazika pansi, walimba n'kukaveka mnofu, woyimba mawu ali pakona akumvetsera kuti aone polowera. Zimafuna kuti anthu akhale m'chipinda chimodzi, tsiku ndi tsiku, ngakhale asakondane.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa nkhani yonseyi ndi Roger Glover, amene anayang'anira kajambulidwe ka chimbalechi. Uyu ndi yemwe uja anakankhidwa mu 1973. Sanakhale pansi kumalira. Anaphunzira ntchito yoyang'anira zojambula, anagwira ndi magulu ngati Nazareth ndi Judas Priest, ndipo mu 1979 analowa Rainbow, kukagwira ntchito ndi munthu yemweyo amene anamuchotsetsa. Anali mnzake wa Gillan kuyambira kale, asanalowe n'komwe Deep Purple, pamene onse ankayimba mu gulu la Episode Six. Ndiye ku Stowe iye yekha ndi amene ankamva chilankhulo cha mbali zonse ziwiri. Mukamamvera mmene mawu a Gillan akhalira bwino pakati pa gitala ndi limba, popanda wina kupondereza mnzake, mukumva ntchito ya mkhalapakati ameneyu.

Si nyimbo zonse zimene zinapsa bwino. Knocking at Your Back Door, yotsegulira, imayenda mwamphamvu kwa mphindi 7, koma mawu ake ndi nthabwala za kuchipinda zimene sizikulitsa munthu. Mean Streak ndi yodzazira malo. Hungry Daze imayang'ana m'mbuyo, kukumbukira masiku a njala ndi ulendo wa ku Montreux, ndipo kwa ine ndi pamene chimbalechi chimafooka, chifukwa gulu likayamba kuyimba za mbiri yake limakhala likupempha kuti tilikonde chifukwa cha dzulo. Ng'oma za Paice nazo anazijambula mwa kachitidwe ka zaka za m'ma 1980, zolemera ndi zowongoka, mwakuti kudumphadumpha kwa dzanja lake kumene kunkakometsa Fireball sikumveka kwenikweni. Mawu a Gillan anali atatsika. Anali atavutikapo ndi pakhosi, ndipo kukuwa kuja kwa mu Child in Time sakanakubwereza monga kale.

Koma pamene papsa, papsadi. Mu A Gypsy's Kiss gitala ndi limba zimathamangitsana ngati ana a sukulu potuluka, china chikayamba chinzake n'kumaliza. Mu Wasted Sunsets Blackmore amasiya liwiro n'kulola gitala kudandaula, ndipo Gillan, ndi mawu ake otsikawo, amayimba ngati munthu amene zinamuonekeradi. Chaka chimenecho Van Halen inali pamwamba ndi Jump, Iron Maiden inatulutsa Powerslave, Metallica inatulutsa Ride the Lightning. Anyamata amene anakulira pa nyimbo za Deep Purple anali atayamba kuthamanga kuposa aphunzitsi awo. Asanuwa sanawathamangire. Anayimba pa msinkhu wawo, ndipo anthu anawalandira: chimbalechi chinafika pa nambala 5 ku Britain, pa nambala 17 ku America, kumene chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi. Mu Juni 1985 anthu pafupifupi 80,000 anaima m'matope ndi mvula ku Knebworth, ku England, kuti awaone.

Ndiye pali nyimbo ija ya pakhonde la amalume. Chodabwitsa chake n'chakuti Blackmore, munthu amene dziko linkamudziwa ndi zala zothamanga, sayimbamo gawo la gitala yokha ngati mmene ankachitira m'nyimbo zina. Pamalo pamene mukuyembekezera kuti atulukira kutsogolo, gulu lonse limalowa m'kachidutswa kamodzi, kolemera, kokhala ngati kakutsimphina, chifukwa kugunda kwake kumasinthana, kanayi kenaka kasanu. Kuti kachidutswa kotero kasagwe, wang'oma ayenera kukagwira ngati mzati, ndipo walimba ayenera kudzaza mpata umene gitala yasiya. Chotsanimo limba, mutsala ndi mafupa. Chotsanimo ng'oma za Paice, kutsimphina kuja kusanduka kugwa. Nyimbo yabwino kuposa zonse m'chimbalechi ndi imene asanuwa anamverana kwambiri, ndipo ndi yomweyo imene pepala likuti ndi ya atatu.

Mbali ya Blackmore ndikuimvetsa, ndipo sindiitaya. Mwa chizolowezi cha ntchito imeneyi, wopeka nyimbo ndi amene wabweretsa mayimbidwe ake ndi mawu ake. Wokometsa ndi chida chake amatengedwa ngati woyimba chabe. Zidutswa zambiri za gitala zimene nyimbozi zinamangidwapo zinachokera kwa Blackmore, mawu anachokera kwa Gillan ndi Glover. Munthu angafunse kuti, bwanji amene wagona usiku akusinkhasinkha nyimbo agawane mofanana ndi amene wangofika m'mawa n'kuipeza? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo m'magulu ena yankho lake ndi lakuti asagawane.

Koma Deep Purple sinali gulu lotero, ndipo umboni ndi zimbale zawo zomwe. Pa In Rock, Fireball, Machine Head ndi Who Do We Think We Are, nyimbo iliyonse inalembedwa mayina asanu. Smoke on the Water, imene mwana aliyense wophunzira gitala amayambira, ili ndi mayina asanu, ngakhale aliyense akudziwa amene anayamba kachidutswa kake. Pa nthawiyo anavomerezana kuti nyimbo zawo zimabadwira m'chipinda, pakati pa onse, ndipo n'kosatheka kulekanitsa kuti ufa ndi wa yani, madzi ndi a yani, nsima itapsa kale. Mu 1984 kapangidwe ka nyimbo sikanasinthe. Anthu ndi omwewo, chipinda ndi chimodzi, thiraki ili panja. Chimene chinasintha ndi kagawidwe.

Ndipo mayina a pachikuto si ulemu wokha. Ndalama za pansanja zimatha ulendo ukatha. Za wopeka zimabwerabe chaka ndi chaka, nyimbo ikaulutsidwa pawailesi, ikaikidwa mufilimu, gulu lina likaibwereza, ngakhale mwini wake atagona kumanda, ana ake n'kumalandira. Kumuchotsa munthu pamzere umenewo ndi kumuuza kuti iwe ndiwe waganyu pamunda umene unauswa nawo mphanje. Lord ndi Paice anali m'gululi kuyambira tsiku loyamba mu 1968, Gillan ndi Glover asanabwere.

Sindikunena kuti mayinawa ndiwo anaphwasula gulu. Amene anakhumudwitsidwa pachikuto, Lord ndi Paice, ndi amene anakhalitsa. Ndikunena kuti chikutocho chinali chizindikiro cha mmene Blackmore anabwererera. Kwa zaka 9 anali mwini wa Rainbow, wolemba ndi kuchotsa anthu mmene wafunira, mwakuti palibe zimbale ziwiri za mu situdiyo za gulu limenelo zimene zinajambulidwa ndi anthu ofanana. Oyimba mawu okha analipo atatu: Ronnie James Dio, Graham Bonnet, Joe Lynn Turner. Munthu wozolowera kukhala bwana savutika kubwerera kwa anzake akale, chimene chimamuvuta ndi kukhalanso mmodzi mwa asanu. Ku Stowe anakwanitsa zimenezi m'chipinda choyimbira, kwa miyezi yochepa, ndipo tepi ikuchitira umboni. Papepala sanalole.

Zotsatira zake zinabwera mwa dongosolo lomwelo. The House of Blue Light, cha mu 1987, anachijambuliranso ku Stowe, koma chinatenga nthawi yaitali ndipo chimamveka ngati aliyense ankalowa payekha. Mu 1989 Gillan anachotsedwa, ndipo amene anabwera m'malo mwake ndi Joe Lynn Turner, wa ku Rainbow uja, mwakuti pa Slaves and Masters, cha mu 1990, atatu mwa asanu anali anthu a gulu lakale la Blackmore. Gillan anabwereranso mu 1992, anajambula The Battle Rages On, koma ulendo wake unali wowawa. Ku Birmingham, mu Novembala 1993, Blackmore anachedwa kutulukira pansanja anzake atayamba kale kuyimba, ndipo atatulukira anaponyera madzi munthu wojambula kanema. Patangopita masiku ochepa anayimba komaliza ku Helsinki, n'kuchoka osabwereranso. Joe Satriani ndiye anatenga gitala kukamalizitsa ulendo wa ku Japan. Pamene gululi linkalandira ulemu wa Rock and Roll Hall of Fame mu 2016, wowalandira ali Lars Ulrich wa Metallica, amene anawaonera ku Copenhagen ali mwana mu 1973, Blackmore kunalibe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwayi umene anali nawo mu 1984 ndi wosowa. Black Sabbath itabwererana kudzajambula chimbale chotchedwa 13, chimene chinatuluka mu 2013, woyimba ng'oma wawo Bill Ward anatsala panja chifukwa chosagwirizana pa mgwirizano wa ntchito. Amalume ankakonda kundiuza za magulu a ku Copperbelt amene ankaliza magitala olemera ngati omwewa, makamaka WITCH, ya ku Kitwe komweko. Gulu limenelo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka kumene linkajambulira kale, koma mwa amene analiyambitsa, wamoyo ndi Emmanuel "Jagari" Chanda yekha. Anzake onse anapita. Iye sangawaitanenso m'chipinda ngakhale atakhala ndi ndalama zotani. Deep Purple inali ndi onse asanu, amoyo, manja akugwirabe ntchito, makutu akumvanabe, ndipo pa nthawi yomwe anayenera kugwirana kwambiri anayamba kuwerengerana.

Steve Morse atalowa m'malo mwa Blackmore, gululi linatulutsa Purpendicular mu 1996, ndipo pansi pa nyimbo iliyonse panabwereranso mayina asanu. Jon Lord anapuma m'gululi mu 2002, n'kusiyira limba Don Airey, ndipo anamwalira pa 16 Julayi 2012. Kwa zaka zambiri chichokereni iye, gululi likamayimba pansanja, pamafika nthawi imene onse amatsika n'kusiya walimba yekha. Amayimba zake kwa mphindi zingapo, kenaka amatsitsa manja kumunsi, chigayo chija n'kuyamba kung'ung'udza, ndipo anthu amakuwa asanamve n'komwe gitala, chifukwa adziwa kale nyimbo imene ikubwera.